Makonde Akale a pa Msewu wa M1

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kulowera ku Ntcheu amawadziwa malo amene galimoto imachepetsa liwiro ngakhale dalaivala asakufuna: Nathenje, Kamphata, Linthipe, Chimbiya, Lizulu, Mlangeni. Pamalo amenewa maso amathamangira pa milu ya tomato ndi mbatata ya kachewere, pa utsi wa chiwaya, ndi pa anyamata a kabaza amene akulimbirana wokwera. Koma mukaponya maso kuseri kwa mabenchi ndi timaokala, apo ndi apo mudzaona nyumba zosafanana ndi zinzake. Denga lake ndi lalitali, makoma ndi ochindikala, malata anachita dzimbiri koma akadagwirabe, ndipo kumaso kuli khonde lalikulu la nsanamira za njerwa. Zina zili ndi chipumi chokwera mwa masitepe, pomwe mmisiri analembapo chaka ndi simenti, ngakhale kuti penti ya makampani a mafoni yachikwirira.

Nyumba zoterezi ndizo zinabala malo amalonda a kumidzi m'dziko muno. Mukaziyang'ana bwino, kuyambira yakalekale mpaka kontena imene yaikidwa chaka chatha, mudzadziwa amene ankagwira ndalama pa nyengo iliyonse, pakuti pamsewu amamanga ndi mwini ndalama.

Oyamba anali Azungu. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankangoti Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Nyumba yake ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipo mpaka lero. Pambuyo pake kunabwera Kandodo, masitolo a London and Blantyre Supply Company. Makampani awiriwa anamwaza masitolo m'maboma ndi m'malo ena akumidzi. Koma amene anafikadi pafupi ndi munthu wamba anali Amwenye. Ambiri anachokera ku Gujarat kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo boma la atsamunda la Harry Johnston linkawalimbikitsa kubwera. Mnyamata ankayamba ndi kugulitsa m'sitolo ya mbale wake ku Limbe kapena ku Blantyre. Akaphunzira ntchito ndi chilankhulo, ankapatsidwa katundu pa ngongole n'kupita kukatsegula sitolo yake pamphambano ya misewu, kapena pafupi ndi pomwe alimi ankagulitsira fodya, thonje ndi mtedza. Akakhazikika mmodzi, wina ankamanga pambali pake, mpaka masitolo kundanda mbali imodzi ya msewu. Umu ndi mmene malo ambiri amene lero timawatcha matauni anayambira.

Kamangidwe kake kanali kamodzimodzi pafupifupi kulikonse. Kumaso kunali sitolo, kuseri kunali nyumba ya banja, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali bwalo lotchingidwa ndi mpanda, momwe munali khitchini, mosungira katundu ndi thanki ya madzi a mvula. Zitseko zinali ziwiri zamatabwa, zotsekera ndi chitsulo chopingasa. Ukangolowa, chinkakulandira ndi fungo: palafini, sopo wa mtanda, mchere ndi nsalu zatsopano, zonse pamodzi. Kauntala inali yaitali, ya thabwa losalala chifukwa cha zigongono za anthu, ndipo m'mphepete mwake munali muyezo wa yadi woyezera nsalu. M'mashelefu munali biriwita, kaki, mabulangete, mikanda, singano, machesi ndi nyali. Pansi panali makasu ndi mapoto, pomwe kudenga kunkalendewera njinga ya Humber kapena Raleigh, imene mnyamata aliyense ankaiyang'ana n'kumeza malovu.

Kugula sinali nkhani yothamanga. Mayi ankatulutsa kansalu komanga mfundo, n'kumasula pang'onopang'ono, n'kuyala pa kauntala makobiri oboola pakati, tiki, sikisi ndi sheleni. Ankanenerera mtengo mpaka onse awiri atatopa, ndipo malonda akatheka ankapempha basera. Mwini sitolo ankaponyapo singano, kamchere kapena switi ya mwana wakumbuyo. Ndalama zimenezi zinatha mu 1971 pomwe kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kukhala K2, koma agogo ambiri anapitirizabe kuwerengera m'masheleni kwa zaka zambiri.

Komabe mtima wa msewuwo unali pakhonde. Pamenepo ndi pomwe pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi. Munthu akagula mayadi ake anayi, ankangotuluka pakhomo n'kumupeza ali chire, tepi ili m'khosi, pensulo ili kukhutu. Telala ankayeza mapewa, chiuno ndi msinkhu, n'kulemba manambala m'kope lothimbirira, kenaka n'kunena kuti, “Mudzabwere Loweruka, mayi.” Aliyense ankadziwa kuti Loweruka lake ndi la sabata inayo, koma panalibe wokwiya kwenikweni, chifukwa ulendo wachiwiriwo unali mwayi wina womva nkhani. Khirisimasi ikayandikira, kapena sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, makinawo ankalira mpaka usiku pa kuwala kwa nyali, ndipo tizidutswa ta nsalu totsala ana ankatola kukasokera zidole ndi mipira.

Pakhonde lomwelo pankapezeka wokonza mawotchi ndi kabokosi kake ka galasi, wosoka nsapato, ndi madoda a bawo. Wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale. Wailesi ya Nzeru ikatsegulidwa, anthu ankasendera kudzamva nkhani za MBC ndi mauthenga a maliro. Mvula ikagwa onse ankausa pomwepo, wogula ndi wosagula yemwe. Usiku khonde linkasanduka la mlonda ndi moto wake, ndipo wapaulendo amene basi yamusiya ankayala chitenje pambali pake n'kugona. Panalibe wolipiritsa mthunzi.

Tisanamizane kuti zonse zinali bwino. M'masitolo ena a Azungu m'matauni munthu wakuda ankagulira pawindo. Antchito a m'masitolo a Amwenye ankalandira malipiro ochepa, ndipo mabanja a eni masitolo ankakhala moyo wawowawo kuseri kwa mpanda, kotero kuti anthu oonana tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu ankatha kukalamba osadyera m'mbale imodzi. Mmalawi wofuna kutsegula sitolo ankavutika kupeza katundu pa ngongole. Msewu unali wokongola ndi wadongosolo, koma eni dera ankangofikapo ngati ogula ndi antchito.

Ichi ndicho chinapereka mphamvu ku lamulo la Dr Hastings Kamuzu Banda. Kuyambira mu 1970 boma lake linauza Amwenye kuti achoke m'malo amalonda akumidzi, ndipo pofika mu 1978 anali atatsekeredwa m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Ambiri anachokeratu m'dziko muno n'kukakhazikika ku Britain, makamaka mu mzinda wa Leicester. Ena mwa iwo anabadwira kuseri kwa masitolo omwewo ndipo ankalankhula Chichewa chosapotoka. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge malondawo, ndipo enadi anatenga n'kuchita bwino. Koma ambiri analandira nyumba popanda chimene chinkaiyendetsa: mpamba, ngongole ya katundu ndi mbale wa ku Limbe wotumiza lole. Pasanapite zaka zambiri mashelefu aatali aja anatsala ndi sopo, machesi, shuga ndi mchere. Masitolo ena anatsekedwa, ena anasanduka mabotolo sitolo kapena mosungira chimanga. Telala naye anavutika, chifukwa khonde lopanda nsalu m'kati silidyetsa munthu.

Mpata umenewo unadzazidwa ndi boma ndi makampani oyandikana nalo. Chipiku inatsegula mahosele kuti eni magolosale azipikula pafupi. PTC, imene inayamba mu 1973 pansi pa kampani ya Press, inafika m'maboma ndi m'malo ena akuluakulu, ndipo ambiri anaonera kumeneko koyamba sitolo yodzitengera wekha katundu n'kukalipira pakhomo. Katundu wake wambiri anali wopangidwa konkuno: nsalu za David Whitehead, sopo wa Sunlight ndi Lifebuoy wa ku Lever Brothers ku Limbe, nsapato za Bata, tiyi wa Chombe, Sobo, ndi machesi a Leopard. Pambali pa masitolo akale panayamba kumera magolosale ang'onoang'ono a anthu obwera ku migodi. Munthu ankapita ndi Wenela, n'kubwerako ndi sutukesi, wailesi ndi ndalama zogulira malata. Njira imeneyo inadukizidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Inatsegukanso pang'ono kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi la TEBA, koma inadzatsekeka mu 1988.

Nyumba yaikulu kuposa zonse pa nthawi imeneyo inali shedi ya ADMARC, bungwe limene linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Msika ukatsegulidwa, ngolo zinkandanda kuyambira m'bandakucha. Kalaliki ankayang'ana giredi, thumba linkakwera pa sikelo, ndipo mlimi ankatuluka ndi ndalama zonunkhira utsopano n'kuwoloka msewu kukagula bulangete ndi yunifolomu ya mwana. M'miyezi ya njala anthu omwewo ankabwereranso pa shedi yomweyo kudzagula chimanga pa mtengo wodziwika. Ichi n'chimene akuluakulu amachikumbukira ndi chisoni. Chimene sachitchula kawirikawiri n'chakuti ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motsika kwambiri, ndipo phindu lake lambiri linkapita ku maesiteti ndi makampani ena.

Chapafupi panali positi ofesi. Mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo aphunzitsi aakulu ankaitana maina pa mzere wa m'mawa. Positi oda yochokera ku Joni kapena ku migodi ya ku Zambia inkasinthidwa pomwepo, ndipo amene anali ndi buku la banki ya positi ankalisunga pansi pa sutukesi pamodzi ndi khadi la ubatizo. Telegalamu inkaopedwa, chifukwa kawirikawiri inkabwera ndi uthenga wa maliro. Basi ya UTM inkafika pa nthawi yake yodziwika, katundu ali pamwamba, ndipo ikakusiya unkadikira ya mawa. Odikirawo ankalowa m'tiyirumu kukamwa tiyi wa mkaka m'kapu yaikulu ndi sikono, uku chigayo cha dizilo chikugunda kuseri, phokoso lake likumveka mpaka midzi ya kutali. Koma pa chipata cha msika ndi pokwerera basi pankaimanso ayufi ofunsa khadi la chipani. Wopanda khadi ankabwerera ndi nkhuku yake osagulitsa. Dongosolo limene timalisiriralo linkayenda pamodzi ndi mantha.

Pa malo onse a pa msewuwu, Lizulu ali ndi mbiri yakeyake. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891, n'kudula pakati dziko la Angoni a Maseko. Munthu akawoloka msewu kukagula kabichi amakhala kuti walowa dziko lina, ngakhale kuti wogulitsayo ndi msuweni wake. Ku Lizulu ndi kumene kunali likulu la Inkosi Gomani II, Philip, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953 boma la atsamunda litafuna kumuchotsa, iye pamodzi ndi mbusa Michael Scott anathawira tsidya la Apwitikizi, koma anawabweza, ndipo mfumuyo inamwalira chaka chotsatira.

M'mbali mwa msewu umenewu, tsidya la Mozambique, Apwitikizi anamanga masitolo awo, komwe anthu a kuno ankakagula vinyo ndi katundu wina wosapezeka kwathu. Eni ake anachoka dzikolo litalandira ufulu mu 1975, kenaka kunabuka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Nyumba zija zinasasulidwa madenga, zina zinatenthedwa, ndipo kwa zaka zambiri apaulendo ankaona makoma okhaokha ali ndi mabala a zipolopolo. Anthu a tsidyalo anawolokera kuno. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inkasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma amene analandira ambiri. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anthu anabwerera kukalima, ndipo lero mbewu za mbali zonse ziwiri zimakumana pamsewu womwewo. Malole amanyamula mbatata, kabichi, tomato ndi anyezi kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amene akugwira malonda amenewa si Mzungu, si Mmwenye, si boma, koma alimi ndi amayi a geni.

Kusintha kumeneku kunafika paliponse. Kuyambira mu 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 chitseko chinatsegukiratu. Kaunjika anayalidwa pansi, ndipo malaya amene telala ankasoka sabata ziwiri anayamba kupezeka pa mulu ndi mtengo wochepa. Maminibasi analanda anthu ku mabasi aakulu. UTM inasanduka Stagecoach mu 1989, kenaka Shire Bus Lines, mpaka inazimirira. Mafoni a m'manja a TNM ndi Celtel, imene lero ndi Airtel, anapha kalata ndi telegalamu, ndipo Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013 zinatenga ntchito ya positi oda. Ndalama zochokera ku Joni zimene kale zinkayenda masabata, lero zimafika mayi ali kumunda. Mavenda anapachika masikelo awo pansi pa mitengo, pomwe mashedi ambiri a ADMARC amakhala otseka miyezi yambiri pachaka. PTC nayo inatseka masitolo ake.

Tayang'anani nyumba zimene zamangidwa m'nyengo ino. Ndi mizere ya tizipinda tating'ono ta mabuloko, chilichonse ndi chitseko chachitsulo ndi mabagila. M'chipinda china muli feteleza ndi mbewu, china ndi saluni, china ndi motchajira mafoni ndi kuikiramo nyimbo, china ndi moonetsera mpira wa ku England, china ndi mogulitsira mankhwala. Pakati pake pali makontena ndi tizikumbi tofiira ndi tobiriwira totumizira ndalama. Magetsi anafika, ndiye wowotcherera zitsulo ali pomwepo, ndipo chigayo sichigundanso ngati kale, chimangolira. Sitolo yaikulu ya Mmwenye, ngati ikadalipo, inadulidwa zipinda zitatu kapena zinayi za lendi, kapena muli mpingo umene umapemphera ndi zokuzira mawu. Khonde nalo analimanga khoma n'kukhala chipinda china cholipiritsa. Wodikira minibasi amaima padzuwa, ndipo mvula ikabwera amathamangira m'golosale momwe ayenera kugula kenakake kuti asachite manyazi.

Tikati tiyeze moona mtima, lero lapambana pa zambiri. Kale msewu wonse unkakhala ndi eni masitolo owerengeka, pomwe lero mazana a anthu amadyera pamenepo, ndipo ambiri ndi amayi ndi achinyamata a m'midzi yozungulira. Katundu amene kale ankafuna ulendo wa ku Limbe akupezeka pafupi. Palibe wogulira pawindo chifukwa cha khungu lake, palibe wofunsidwa khadi pa chipata. Galimoto imapezeka nthawi iliyonse, ndipo wodwala usiku amathamangitsidwa ku chipatala pa njinga yamoto.

Koma zimene tataya nazonso n'zenizeni. Akale ankamanga nyumba yoti adzasiyire adzukulu, ife tikumanga yoti ibweze ndalama chaka chomwecho. Iwo ankasiya mpata pakati pa sitolo ndi msewu, ife tayala malonda mpaka m'mphepete mwa phula, pomwe malole amadutsa mopemerera madengu, ndipo ngozi zikachitika pamalo otere zimatenga anthu ambiri nthawi imodzi. Zimbudzi ndi zochepa, zinyalala za mapulasitiki zadzaza ngalande, mitengo ya mthunzi inadulidwa. Katundu wadzadza m'mashelefu, koma wambiri ndi wochokera kunja, pomwe mafakitale ena amene ankadzaza mashelefu a makolo athu anafooka kapena kutsekedwa. Ndipo choposa zonse, tataya malo amene munthu ankakhala popanda kulipira, kumene mphunzitsi, mlimi ndi wapaulendo ankakumana n'kumva za wina ndi mnzake.

Palibe akufuna kubwerera ku masiku a pawindo kapena a khadi. Koma nyumba zakalezi zikugwa imodziimodzi, zina ndi mvula, zina ndi eni ake ofuna kumangapo zipinda za lendi, zina pokuza misewu, ndipo zikugwa popanda wolemba kuti anamanga ndani, chaka chanji, ndipo munkagulitsidwa chiyani. Mandala House ikutetezedwa monga chipilala cha dziko, ndipo n'zoyenera. Koma mbiri ya malonda a dziko lino sinachitikire ku Blantyre kokha. Inachitikiranso pa kauntala ya kumudzi ndi pa sikelo ya ADMARC.

Makhonsolo a maboma, amene amatolera ziphaso za m'misika tsiku lililonse, angathe kusankha nyumba imodzi kapena ziwiri pa malo aliwonse n'kugwirizana ndi eni ake kuti zisagwetsedwe, ndiponso kulamula kuti womanga sitolo yatsopano azisiya khonde ndi mpata kuchoka pamsewu. Aphunzitsi angathe kutuma ophunzira kukafunsa akuluakulu za mbiri ya msika wa kwawo, zolembazo n'kuzisunga pasukulu kapena kuzitumiza ku National Archives ku Zomba. Inunso amene muli ndi foni ya kamera, mukapita kumudzi jambulani sitolo yakale ija isanagwe, ndipo mukhale pansi ndi agogo amene anasokerapo, anagulitsapo kapena analonderapo, akuuzeni maina ndi zaka. Amene anaona Amwenye akupakira katundu m'zaka za m'ma 1970 ali achikulire, lero ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Afunseni chaka chino.